Galimoto yamagetsi pa msewu wa Great East: kodi batire lingafike ku Chipata?

Tchaja yachangu ndi makina oikidwa pamalo ofikapo aliyense, amene amathira magetsi m'batire la galimoto yamagetsi pasanathe ola limodzi. Ntchito yomweyo soketi ya m'nyumba imaigwira usiku wonse ndi tsiku lotsatira. Woyenda m'tawuni mokhamokha sailabadira kwenikweni tchaja yotere, pakuti galimoto yake imagona pa waya kunyumba ndipo kukacha imakhala yokhuta. Amene amaifuna ndi wa ulendo wautali. Ku Zambia, ulendo wautali umene anthu olankhula Chinyanja amaudziwa bwino ndi wa pa msewu wa Great East, wochokera ku Lusaka kudzera ku Chongwe, Rufunsa, mlatho wa Luangwa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete mpaka ku Chipata, mtunda wa makilomita pafupifupi 570. Ukapitirira pa malire a Mwami msewuwu umalowa ku Mchinji m'Malawi n'kukafika ku Lilongwe.

Khomo la ulendowu ndi boma la Chongwe. Tawuni ya Chongwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli, pansi pa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda International lili m'boma lomweli, chimodzimodzinso yunivesite ya Chalimbana. Anthu ambiri amagona ku Chongwe n'kumagwira ntchito ku Lusaka, ndipo alimi a m'mafamu ozungulira amapita ndi ndiwo zamasamba, nkhuku ndi mazira ku misika ya mumzinda tsiku ndi tsiku. Kumadzulo kwa tawuniyi kuli nyumba, mafamu ndi mawaya a magetsi paliponse. Kum'mawa kwake midzi imayamba kutalikirana, mapiri amayamba, ndipo malo oimapo amachepa. Woyendetsa galimoto yamagetsi akangowoloka mtsinje wa Chongwe, masamu a batire amasintha.

Nkhaniyi yafika pa msewu umenewu chifukwa cha zinthu ziwiri. Choyamba ndi mtengo wa mafuta. Zambia ilibe doko la pa nyanja yamchere, mafuta ake onse ndi ogula kunja. Dizilo amabwera pa paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kukafika ku Ndola, mtunda wa makilomita 1,710, ndipo mafuta ena amabwera pa mathankala. Mu 2022 bungwe la Energy Regulation Board linayamba kuunika mtengo wa mafuta mwezi ndi mwezi, moti kwacha ikagwa mtengo wa pa pampu sumachedwa kukwera. Chachiwiri ndi msonkho. Mu bajeti ya 2024, imene nduna ya zachuma Situmbeko Musokotwane inapereka ku Nyumba ya Malamulo mu Sepitembala 2023, boma linachotsa msonkho wolowetsera m'dziko galimoto, mabasi, malole ndi njinga zamoto zoyendera magetsi, pamodzi ndi zipangizo zotchajira. Pa dziko lonse galimoto zamagetsi zoposa 17 miliyoni zinagulitsidwa mu 2024, zambiri mwa izo ku China. Ku Zambia n'zochepa ndithu, ndipo matchaja ofikapo aliyense ndi owerengeka, ambiri ali mu Lusaka momwemo. Palibe woyendetsa wanzeru amene anganyamuke ulendo wa ku Chipata akuyembekeza kuti tchaja aipeza m'tawuni iliyonse monga mmene amapezera petulo.

Mmene tchaja yachangu imagwirira ntchito

Magetsi a kampani ya ZESCO amene amafika m'nyumba ndi a mtundu wa AC, a mavoti 230, pamene batire limasunga magetsi a mtundu wa DC. Galimoto iliyonse yamagetsi ili ndi kachipangizo mkati mwake kosandutsa AC kukhala DC, koma n'kakang'ono, sikangalandire mphamvu yambiri nthawi imodzi. Pa soketi wamba ya mabowo atatu, galimoto imalandira makilowati awiri kapena atatu basi. Pa kabokosi komangirira kukhoma, kokhala ndi waya wakewake, imalandira makilowati 7, ndipo pamene pali magetsi a mawaya atatu imatha kufika 11 kapena 22. Tchaja yachangu imalambalala kachipangizo ka m'galimoto kaja. Makina osandutsira magetsi ali m'tchajamo, n'chifukwa chake imakhala yaikulu ngati firiji, ndipo imathira DC mwachindunji m'batire, kuyambira makilowati 50 mpaka 350 pa matchaja amphamvu kwambiri.

Kukula kwa batire amakuyeza ndi ma kWh, muyezo womwewo wa mayunitsi amene anthu amagula pa mita ya m'nyumba: yunitsi imodzi ndi kWh imodzi. Batire la mayunitsi 60, longa la galimoto zambiri zatsopano zapakatikati, limatenga maola oposa 24 kuti lidzaze pa soketi wamba, maola pafupifupi 9 pa kabokosi ka makilowati 7, ndipo pa tchaja ya makilowati 50 limachoka pa 10 peresenti kufika pa 80 peresenti m'ola limodzi kapena kucheperapo pang'ono.

Nambala ya 80 imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa ndi pamene alendo ambiri amataya nthawi. Batire silimwa magetsi pa liwiro limodzi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Likakhala lopanda kanthu limalandira mphamvu yonse imene lingathe, koma likamayandikira kudzaza kompyuta ya m'galimoto imachepetsa mphamvuyo pofuna kuteteza maselo kuti asatenthe ndi kuwonongeka. Zili ngati kuthira chimanga m'thumba: poyamba munthu amangokhuthula ndi chidebe, koma chakumapeto amagwedeza thumbalo ndi kuwonjezera pang'onopang'ono. Kuchoka pa 80 kufika pa 100 peresenti kumatha kutenga nthawi yofanana ndi imene yatengedwa kuchoka pa 10 kufika pa 80. Choncho kumene matchaja ali pafupipafupi, oyendetsa odziwa amafika batire lili pansi, amatchaja mpaka 80, n'kunyamuka. Pa msewu wa Great East langizo limeneli silingatsatidwe mwachimbulimbuli. Ngati tchaja yotsatira ili kutali, kapena ngati palibe chitsimikizo chakuti ikugwira ntchito, mphindi 40 zodikira kuti batire lifike pa 100 sizopita pachabe.

Chinanso n'chakuti nambala yolembedwa pa tchaja si lonjezo. Wolamula ndi galimoto. Galimoto imene malire ake ndi makilowati 50 idzalandira 50 yemweyo ngakhale italumikizidwa pa tchaja ya 150. Matchaja ena a mawaya awiri amagawa mphamvu pakati pa galimoto ziwiri, moti wachiwiri akafika onse amachedwa.

Pulagi yolakwika

Petulo ndi petulo, ndipo mlomo wa pampu umalowa m'galimoto iliyonse. Matchaja sali choncho, ndipo apa Zambia ili pa mphambano yovuta chifukwa galimoto zake zimachokera kosiyanasiyana. Popeza m'dzikoli galimoto zimayenda kumanzere, zambiri zogwiritsidwa kale ntchito zimachokera ku Japan, ndipo zamagetsi za kumeneko, monga Nissan Leaf, zimatchajidwa mwachangu pa pulagi ya CHAdeMO. Zochokera ku Ulaya, ku UK ndi ku South Africa zambiri zili ndi CCS2. Zopangidwira msika wa ku China zili ndi GB/T, ngakhale kuti makampani a ku China monga BYD amaika CCS2 pa galimoto zimene amatumiza ku maiko ambiri akunja. Mapulagi atatuwa salowana, ndipo kusiyana kwake si kwa mabowo okha. Tchaja ndi galimoto zimayamba zalankhulana pa mawaya ang'onoang'ono, kugwirizana za mphamvu ndi kutentha kwa batire, magetsi asanayambe kuyenda, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kalankhulidwe kake. Maadaputa alipo, koma ndi odula, ndipo sikuti adaputa iliyonse imagwirizana ndi tchaja iliyonse.

Wogula galimoto pa intaneti kuchokera ku Japan kapena ku China amayang'ana mtengo, chaka ndi makilomita amene yayenda. Pa galimoto yamagetsi funso loyamba liyenera kukhala la pulagi, lachiwiri la thanzi la batire. Nissan Leaf yoyamba, imene inatuluka mu Disembala 2010, inali ndi batire la mayunitsi 24. Galimoto yotere ikatha zaka khumi batire limakhala litafooka, ndipo nthawi zambiri imayenda makilomita 100 kapena kucheperapo. Kupita ku Lusaka kuchokera ku Chongwe ndi kubwerera ndi makilomita 90, ndiye kuti imakwanitsa movutikira, makamaka ngati mwini wake ali ndi potchajira kuntchito. Kwa mphunzitsi wa ku Chalimbana kapena wogwira ntchito ku bwalo la ndege ndi galimoto yabwino ndithu. Koma si galimoto ya ku Chipata, ngakhale ku Rufunsa kumene siifika. Leaf yakale ilinso ndi vuto lina lodziwika: batire lake siliziziritsidwa ndi madzi, choncho ikatchajidwa mwachangu kawiri kapena katatu tsiku limodzi batire limatentha ndipo liwiro la kutchaja limatsika kwambiri.

Masamu a msewu

Galimoto yamagetsi yapakatikati imadya mayunitsi 15 mpaka 20 pa makilomita 100. Pa msewu waukulu, ili ndi anthu anayi, katundu ndi choziziritsa mpweya choyatsa, ndi bwino kuwerengera 18 kapena kuposerapo. Batire la mayunitsi 60 likhoza kuyenda makilomita 330 kuchoka pa 100 mpaka pa ziro, koma palibe amene amayendetsa mpaka pa ziro. Mtunda wolembedwa m'kabuku ka galimoto umakhala wokulirapo chifukwa amauyeza pa liwiro losakanikirana la m'tawuni ndi la pa msewu waukulu. Galimoto ya petulo imawononga mafuta kwambiri m'tawuni, koma yamagetsi imawononga kwambiri ikamathamanga, popeza mphepo yolimbana nayo imakula msanga liwiro likamakwera. Kutsika kuchoka pa makilomita 120 pa ola kufika pa 90 kumawonjezera mtunda moonekeratu, ndipo ndi njira yaikulu yopezera makilomita owonjezera popanda tchaja.

Kuchokera ku Lusaka, Rufunsa ili pa makilomita pafupifupi 160, mlatho wa Luangwa 230, Nyimba 330, Petauke 400, Katete 490, Chipata 570. Wonyamuka ku Lusaka batire la mayunitsi 60 lili lodzaza amafika pa mlatho wa Luangwa atatsala ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuti akafike ku Nyimba, makilomita 100 ena okwera phiri, ndiye kuti afika batire lili pansi penipeni, mwinanso osafika. Akatchaja pa mlathopo mpaka 80 peresenti amafika ku Petauke bwinobwino, ndipo akatchajanso kumeneko amafika ku Chipata. Ulendo wonse umafuna kuima kawiri, ndipo umatalika ndi ola limodzi ndi theka kapena maola awiri poyerekeza ndi wa petulo. Pa ulendo wa maola 8 umene anthu amaima kale kuti adye ndi kupumula, kusiyanako si kwakukulu. Kumakula pokhapokha tchaja ikapezeka kuti yafa.

Masamuwa akusonyeza chinthu chimene sichionekera msanga. Kwa wopita kum'mawa, tchaja ya ku Chongwe ilibe phindu lalikulu: wayenda makilomita 45 okha, batire likadali pamwamba pa 80 peresenti, pomwe limatchajika mochedwa. Phindu la Chongwe lili kwa wobwerera. Wochokera ku Luangwa amakhala atakwera phiri kwa makilomita ambiri, ndipo amafika ku Chongwe batire lili pansi, kutsogolo kuli mzere wa galimoto wolowa mu Lusaka. Mphindi 15 pa tchaja ya pamenepo ndi zimene zimasiyanitsa wofika kunyumba ndi wogona pa msewu. Phindu lina lili kwa anthu a m'bomalo eni ake: oyendetsa matakisi a ku bwalo la ndege, amene amayenda makilomita ambiri pa tsiku ndipo sangadikire soketi, ndiponso minibasi za pakati pa Chongwe ndi Lusaka ngati tsiku lina zidzakhale zamagetsi. Koma malo amene angatsegule kapena kutseka ulendo wa ku Chipata ndi mlatho wa Luangwa, Nyimba ndi Petauke.

Mlatho wa Luangwa ndi malo oyenera pa chifukwa chinanso. Mabasi ndi galimoto zing'onozing'ono zimaima kale pamenepo, pa msika wa nsomba zouma ndi madengu oluka umene aliyense wodutsa pa msewuwu amaudziwa. Tchaja yabwino imafuna chimbudzi, chakudya, mthunzi ndi anthu pafupi, chifukwa woyendetsa amakhalapo mphindi 40, osati zisanu. Amalonda a pamsikawo ndi amene angakhale oyamba kupindula ndi mlendo wosathamangira kunyamuka.

Manenekela ndi kutentha kwa Okutobala

Lusaka ili pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,280 pamwamba pa nyanja. Chigwa cha Luangwa, pamene pali mlathowo, n'chotsika ndi mamita oposa 800. Pakati pake pali mapiri a Manenekela, kumene msewu umakhotakhota ndi kutsetsereka, ndipo madalaivala a malole amawopako chifukwa cha mabuleki otentha. Apa galimoto yamagetsi ili ndi mwayi umene ya petulo ilibe. Woyendetsa akachotsa phazi pa chopondera moto, mota imasanduka jenereta, imagwira galimoto kuti isathamange n'kumabweza magetsi m'batire. Mabuleki enieni amapuma. Koma batire lodzaza lilibe poika magetsi obwezedwawo, choncho galimoto imene yayamba kutsetsereka ili pa 100 peresenti imadalira mabuleki okha ngati ina iliyonse. Ichi n'chifukwa china chosatchajira mpaka kudzaza pamwamba pa phiri.

Pobwerera ngongole imalipidwa. Kukweza galimoto ya matani awiri mamita 800 kumafuna mayunitsi anayi kapena asanu pamwamba pa amene mtundawo umadya kale, ndipo amene amabwezedwa potsika amakhala ocheperapo kuposa amene amapita pokwera. Nambala ya makilomita otsala imene galimoto imaonetsa imachokera pa mmene yayendera posachedwapa, ndiye ikatsika phiri imalonjeza zambiri zimene singakwanitse ikayamba kukwera. Wodziwa amayang'ana peresenti ya batire, osati makilomita olonjezedwawo.

Kuzizira kumene kumafooketsa mabatire ku Norway ndi ku Canada si nkhani ya kuno. Nkhani ya kuno ndi dzuwa. Mu Okutobala kutentha kwa m'chigwa cha Luangwa kumapitirira madigiri 40. Batire limene lathamanga maola atatu n'kulumikizidwa pa tchaja masana otero limatentha, ndipo galimoto imachepetsa liwiro la kutchaja kuti lisawonongeke. Tchaja nayonso ili ndi mafani ake, ndipo ikakhala padzuwa, fumbi litatseka mosefera mpweya, imatsitsa mphamvu kapena kuzima. Denga pamwamba pa tchaja ya m'chigwa si chokongoletsa. Kunyamuka m'mamawa kuti kutchaja kwa pa mlatho kuchitike dzuwa lisanafike pamutu kumathandiza galimoto ndi anthu omwe.

Malaiti akapita

Tchaja ilibe magetsi akeake, imangopereka amene yalandira. Magetsi oposa 80 peresenti a Zambia amachokera ku madzi: ku Kariba North Bank, ku Kafue Gorge, ku Kafue Gorge Lower kumene makina a mamegawati 750 anamalizidwa mu 2023, ndi ku Itezhi-Tezhi. Mvula ikagwa bwino amenewa ndi magetsi otsika mtengo ndiponso opanda utsi, ndipo galimoto yoyendera magetsi otere imayendera madzi a Zambezi ndi Kafue m'malo mwa mafuta ogula ndi madola. Mvula ikakana zonse zimatembenuka. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho ndi ngozi yogwera dziko lonse. Madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika mpaka makina ambiri a kumeneko anaimitsidwa, ndipo pofika Sepitembala madera ambiri ankakhala opanda magetsi maola 21 pa tsiku. Asoli a ku Chongwe amasonkhana chaka chilichonse pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula ya mbewu zawo, ndipo masiku ano mvula yomweyo ndi imene imayendetsa zigayo, mafiriji ndi matchaja.

M'chaka ngati chimenecho mwini galimoto wa ku Chongwe amathabe kupirira. Magetsi akabwera usiku kwa maola atatu, kabokosi ka makilowati 7 kamathira mayunitsi pafupifupi 20, okwanira kupita ku Lusaka ndi kubwerera. Wa paulendo alibe mwayi wotero. Sangakhale pa mlatho wa Luangwa kudikira kuti malaiti abwere 2 koloko ya usiku. Choncho tchaja ya pa msewu waukulu ku Zambia siingadalire waya wa ZESCO wokha. Imafuna mapanelo a sola ndi batire lalikulu lakelake, losonkhanitsa magetsi pang'onopang'ono tsiku lonse n'kuwapereka mwachangu galimoto ikafika. Ku South Africa, kumene kuthima kwa magetsi kunavutanso zaka zambiri, kampani ya Zero Carbon Charge inatsegula malo otchajira oyendera dzuwa lokha pafupi ndi Wolmaransstad pa msewu wa N12 mu Novembala 2024. Zambia ikuwonjezeranso magetsi a dzuwa: pali minda ya mapanelo ya Bangweulu ndi Ngonye kumwera kwa Lusaka kuyambira 2019, ndi ya mamegawati 100 ku Chisamba imene inatsegulidwa mu 2025. Jenereta ya dizilo ikhoza kuyendetsa tchaja, koma apo ndiye kuti galimoto yamagetsi yabwerera ku mafuta amene inkawathawa.

Ngakhale magetsi atakhala osathima, pali vuto la thiransifoma. Mathiransifoma a pamitengo amene amapereka magetsi ku timisika ta kumidzi nthawi zambiri ndi a 50 kapena 100 kVA, ndipo amagawidwa pakati pa chigayo, owotcherera zitsulo, mashopu ndi nyumba. Tchaja imodzi ya makilowati 50 ikhoza kumeza mphamvu yonse ya thiransifoma yotere. Woika tchaja amayenera kulipira thiransifoma yakeyake, waya wokhuthala ndi mlonda, chifukwa waya wa tchaja uli ndi kopa wambiri ndipo kuba mawaya ndi kuphwasula mathiransifoma ndi vuto limene ZESCO imadandaula nalo kawirikawiri. Ndalama zonsezi ziyenera kubwezedwa ndi galimoto zochepa zimene zimadutsa. N'chifukwa chake yunitsi ya pa tchaja yachangu imakhala yodula kuposa ya pa mita ya kunyumba pafupifupi kulikonse pa dziko lapansi, ndiponso n'chifukwa chake amalonda amazengereza: matchaja akudikira galimoto, galimoto zikudikira matchaja. Maiko a European Union anadula mfundoyi ndi lamulo lakuti pa misewu yawo ikuluikulu pakhale malo otchajira mwachangu pa makilomita 60 alionse. Muyezo umenewo utabweretsedwa pa msewu wa Lusaka mpaka Chipata pangafunike malo 9 kapena 10. Poyambira, atatu kapena anayi odalirika angakwanire, ndipo kudalirika kwake n'kofunika kuposa kuchuluka kwake. 

Pa tchaja penipeni

Kugwiritsa ntchito tchaja sikovuta. Woyendetsa amaimika galimoto moti waya ufike, amatsegula kachitseko kotchajira, amalowetsa pulagi mpaka ikhome, ndipo amayambitsa kutchaja ndi foni, khadi kapena batani. Pulagiyo imakhomeka ndipo siingazulidwe magetsi akuyenda. Kutchaja mvula ikugwa sikoopsa, chifukwa magetsi sayenda mpaka tchaja ndi galimoto zitatsimikizira kuti zalumikizana bwino, koma waya wong'ambika kapena tchaja yoima m'madzi osefukira ndi zoyenera kuzipewa. Ndi bwino kudikira mphindi ziwiri kuona kuti nambala zikukwera asanapite kukadya, chifukwa kutchaja kukalephera nthawi zambiri kumalephera pachiyambi pomwe.

Kalipiridwe ndi kamene kamavutitsa anthu kuposa makinawo. Ku maiko ena kampani iliyonse ili ndi pulogalamu yake ya pa foni, ndipo woyendetsa amapezeka ali ndi mapulogalamu asanu. Pulogalamu imafuna netiweki, ndipo m'mapiri a pakati pa Rufunsa ndi Nyimba netiweki imabwera n'kumapita. Ku Zambia njira imene anthu anaizolowera kale ndi Airtel Money ndi MTN MoMo, ndipo tchaja yolandira ndalama za pa foni, kapena yokhala ndi munthu woiyang'anira ngati wa pa malo omwetsera mafuta, ingathandize anthu ambiri kuposa yofuna khadi la ku banki. Munthu woyang'anirayo ali ndi phindu lina lalikulu: akhoza kuimbiridwa foni ulendo usanayambe n'kunena ngati magetsi alipo ndiponso ngati tchaja ikugwira ntchito. Mapu a pa intaneti monga PlugShare amasonyeza pamene pali matchaja, koma amadalira oyendetsa kuti azilembapo zimene apeza, ndipo kumene oyendetsa ndi ochepa uthengawo umakhala wakalekale.

Pamene pali tchaja imodzi yokha, ulemu ndi umene umasunga mtendere. Amene wafika pa peresenti yomukwanira amachotsa galimoto kuti mnzake alowe. Wosiya galimoto pa waya n'kupita kutali amasiya nambala ya foni kwa woyang'anira. Galimoto ya petulo siyenera kuimikidwa pamalo otchajira, ngakhale pali mthunzi wabwino.

Wa ulendo wautali amanyamulanso waya wake wolowa pa soketi wamba. Malo ogona alendo a ku Nyimba, Petauke kapena Katete amene ali ndi magetsi akhoza kupereka mayunitsi 25 mpaka 30 usiku umodzi wa maola 12, okwanira makilomita 150. Ayenera kupempha kwa eni malowo ndi kugwirizana za malipiro, chifukwa mayunitsi 30 pa mita yawo si ochepa. Soketiyo ikhale yolimba, yokhala ndi waya wapansi, ndipo mawaya owonjezera opyapyala a pa msika sayenera kugwiritsidwa ntchito: mphamvu yoyenda usiku wonse imawatenthetsa mpaka kusungunuka.

Wopitirira ku Malawi amawoloka pa malire a Mwami ndi Mchinji, pamene kuyambira 2022 maofesi a maiko awiriwa amagwirira ntchito malo amodzi. Kuchokera ku Chipata kufika ku Lilongwe ndi makilomita osakwana 150, mtunda umene batire lotchajidwa ku Chipata limakwanitsa popanda kuima. Soketi za ku Malawi n'zofanana ndi za ku Zambia, choncho waya womwewo umagwira ntchito, koma magetsi a kampani ya kumeneko ya ESCOM nawonso amathimathima, ndipo potchajira ku Lilongwe ndi pofunika kukonzeratu asananyamuke.

Batire likathera panjira palibe chigubu chimene chingathandize. Galimoto imayamba yachenjeza, kenako imachepetsa mphamvu yake kuti woyendetsa apeze poimika, kenako imaima. Galimoto zambiri zamagetsi siziloledwa kukokedwa ndi chingwe matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa matayalawo akamazungulira amazunguzanso mota, imene imapanga magetsi amene angathe kuwononga zipangizo za mkati. Imayenera kunyamulidwa pa lole yokhala ndi thandala, ndipo malole otere amapezeka mosavuta ku Lusaka kusiyana ndi ku Rufunsa. Pa chifukwa chimenechi, gawo la pakati pa Chongwe ndi Nyimba limafuna kuti woyendetsa awerengere zofika pamalo alionse otchajira atatsala ndi 20 peresenti kapena kuposerapo, kuti akapeza tchaja yafa akhale ndi mphamvu yokafikira pa soketi yapafupi.